Zidutswa za jipisamu musathamangire nazo kumtaya, umu ndi mmene mungaziwotchere n'kukhalanso pulasitala

Amisiri anzanga okhoma siling'i, mukamaliza nyumba ya zipinda zinayi tatembenukani muone mulu womwe watsala kuseri kwa khitchini. Timizere todula m'mbali, makona a ma bodi, zija zinathyoka potsitsa mulole, makonisi (zokongoletsa zija zokhoma pomwe khoma lakumana ndi siling'i) oduka pakati, kuphatikizapo pulasitala yemwe anaumira mu bigiri chifukwa wina anasakaniza wambiri kenako n'kupita kukayankha foni. Zonsezo zimakwezedwa pa wilibala, zina kukakwirira nazo dzenje, zina kumtaya wa ku Area 38 ku Lilongwe kapena ku Mzedi ku Blantyre, zina zimangonyowa pompo mpaka mwini nyumba atatopa nazo. Ineyo zimandiwawa, chifukwa bodi imodzi ya 1.2m ndi 2.4m ya 9mm imalemera pafupifupi makilo 20 ndipo pafupifupi yonseyo ndi jipisamu weniweni, mwala woyera wofewa uja wopangira pulasitala, yemwe anachokera kunja pa foleksi yomwe ikusowayi, nde ife tikutaya chinthu choti chikhoza kudzukanso. Simenti akauma wauma, simungamubwezenso. Jipisamu ndi wina, mukamuwotcha bwino amabwerera kukhala ufa woti mukathira madzi ulimbanso.

Ndifotokoze kaye chifukwa chake, pakuti mukamvetsa apa moto simuulakwitsa. Jipisamu wouma yemwe ali mu bodi ali ndi madzi omangika mkati mwake, osati chinyezi ayi, madzi oti ndi gawo la mwalawo, pafupifupi magawo 21 pa 100 a kulemera kwake. Mukamutenthetsa kufika cha m'ma 150°C amataya magawo atatu mwa anayi a madzi amenewo n'kusanduka ufa uja timagula m'matumba, ena amati POP, dzina lonse ndi plaster of Paris chifukwa kalekale ankaukumba kwambiri pa phiri la Montmartre ku Paris. Mukathira madzi ufawo umamwanso madzi aja unataya n'kulimba, ndichifukwa chake bigiri imafunda pulasitala akamagwira. Ntchito yonse ili pamenepa, kuchotsa madzi okwanira osapyoletsa. Mukapyoletsa moto kwambiri madzi onse amachoka, ndipo ukafika cha m'ma 350°C kupita m'mwamba mumapeza ufa wakufa, woyera bwinobwino koma muthire madzi mudikire mpaka mawa ungokhala phala.

Choyamba ndi kusankha, ndipo apa ndi pomwe ndikhalitse chifukwa anthu ambiri amagwera pomwepa asanayatse n'komwe moto.

Musadikire kuti zinyalala zisakanikirane kenako muzikatola. Tsiku lomwe mukuyamba kudula ma bodi ikani matumba kapena pepala la pulasitiki pakona imodzi mkati mwa nyumba, muwauze anyamata kuti chidutswa chilichonse cha jipisamu chizigwera pamenepo, osati panja pomwe omanga akutaya matope a simenti ndi mabotolo a penti. Kapitawo mumuuziretu, ndipo ngati nyumba ndi ya mwini mupemphe, ambiri amavomera msanga chifukwa mwawachepetsera ndalama ya lole yotaya zinyalala. Zabwino kwambiri ndi zodula zatsopano zosapaka penti ndi makonisi othyoka. Zachiwiri ndi siling'i yogumula m'nyumba yomwe akukonzanso, koma izi zimafuna maso.

Mudziwa bwanji kuti ndi jipisamu? Kandani ndi chikhadabo pomwe pathyoka. Jipisamu ndi wofewa, chikhadabo chimalowa n'kusiya mzere, ndipo mukalemba naye pa simenti amalemba ngati choko. Dontheziranipo viniga pang'ono: jipisamu sachita thovu kwenikweni, koma laimu ndi pulasitala wa simenti amatuwira thovu. Sikimu ina yomatira m'majointi nayo imachita thovu chifukwa ili ndi laimu wa mwala, nde ngati yamatidwa mochindikala ipaleni. Ma bodi aja olimba otuwa osakandika ndi chikhadabo si jipisamu, ndi a simenti, asiyeni. Ma bodi a pepala lobiriwira a kubafa ali ndi mankhwala okana madzi, ofiirira kapena a pinki oteteza moto ali ndi tiulusi ta galasi mkati toyabwa pakhungu, amenewa aikeni paokha musasakanize ndi oyera wamba, obiriwirawo makamaka amapangitsa ufa kukana kumwa madzi bwino. Bodi yomwe yadontheredwa ndi denga mpaka kuda ndi nkhungu, yomwe makoswe anakodzera zaka, yomwe yathiridwa oyilo, itayeni ndithu.

Ndipo ichi chokha ndikupemphani ndi mtima wonse. Nyumba zakale, za boma, masukulu, maofesi a m'zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, zambiri zili ndi asibesitosi, malata aja otuwa okhuthala komanso ma bodi a siling'i osalala otuwa omwe akathyoka amaonetsa tiulusi. Dera lathu lino anali wambiri chifukwa ankakumbidwa pafupi pompa ku Zvishavane ndi ku Mashava ku Zimbabwe, South Africa inamuletsa mu 2008. Fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka, matenda amadzabwera patatha zaka 20, 30, khansa yake ilibe mankhwala ochiza. Mukakayika pang'ono pokha kuti ichi mwina ndi asibesitosi, musaswe, musasinje, musasese chouma. Palibe thumba la pulasitala loposa mapapo anu kapena a mwana wa eni yemwe mwamulemba ganyu. Penti wakale wa oyilo nayenso ena ali ndi mtovu, nde bodi yokutidwa ndi penti wochindikala wakalekale ine sinditenga.

Mukasankha, zulani masikuluu onse, misomali, tepi ya m'majointi, timawaya ndi tizitsulo ta m'makona. Maginito a sipika yakufa amathandiza kwambiri, mumangoyendetsa pa mulu. Chitsulo chikatsalira mu jipisamu chimachita dzimbiri msanga n'kutulutsa dontho lofiira pa konisi yoyera, penti mupake kangati limabwerabe.

Kenako yanikani. Zidutswa ziume gwa, masiku awiri atatu padzuwa pa pepala kapena pa malata, madzulo muzilowetsa kuopa mame. Nyengo yabwino ya ntchito imeneyi ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, nthawi ya mvula mungovutika. Mukawotcha zonyowa mumawononga nkhuni pouma madzi wamba komanso sikelo ikunamizani, mumva chifukwa chake kutsogoloku.

Tsopano pepala. Bodi ili ndi pepala mbali zonse ziwiri ndipo ndi limene limatopetsa. Ena amanyika m'madzi kuti lisendeke, zimatheka koma ndiye muyanikanso sabata yathunthu. Ine ndimagoneka chidutswa pa simenti yosesa bwino n'kumenya ndi thabwa lolemera kapena hamala ya mphira, mkatimo mumanyenyeka koma pepala limatsala lalikulu, nde mumangolikoka n'kulikutumula. Musayambe ndi kusinja zonse pamodzi, pepala likanyenyeka limasanduka ngati thonje lomwe limadutsa pa sefa, ndipo pamoto limapserera n'kudetsa ufa. Makampani akunja obwezeretsa jipisamu amayesetsa kuti pepala lotsalira lisapose gawo limodzi pa 100, ife ndi manja sitingayeze koma diso limaona, ufa ukamaoneka waubweya ndiye kuti pepala lachuluka. Makonisi ali ndi khonje mkati, nalonso likokeni.

Kusinja gwiritsani mtondo ndi munsi zomwe mwazipatula kuti ndi za ntchito imeneyi basi, osati kukabwereka wa amayi wosinjira nsinjiro, ndipo chonde musapite nazo ku chigayo cha chimanga ngakhale wa chigayo ndi mlamu wanu. Sefani kawiri, koyamba pa waya uja wa m'mawindo wotchinga udzudzu mutamukhomera pa fulemu ya matabwa, kachiwiri pa sefa ya ufa. Zotsala pamwamba bwezerani mu mtondo. Ufa ukhale wofanana kukula kwake, chifukwa timibulu tikuluti timapsa kunja mkati muli mwawisi pamene ufa wosalala wapsa kale. Valani masiki yeniyeni ya fumbi, osati kansalu, ndi magalasi, ndipo sinjirani panja mphepo ikuchokera kumsana kwanu.

Tafika pa moto.

Pezani dilamu ya malita 200 yodula pakati m'litali kapena chiwaya chachikulu chokhuthala pansi, chotsuka bwino chopanda oyilo kapena mankhwala. Chitsulo chopyapyala chimapsereza pansi. Ikani pa mafuwa kapena pa njerwa kuti moto ufalikire pansi ponse osati pakati pokha. Nkhuni musakadule mtengo chifukwa cha izi, pa sayiti pamakhala zidutswa za matabwa ndi milimo yothyoka, bola zisakhale zopaka penti kapena zonyika mankhwala a chiswe, zisononkho za chimanga ndi mabuliketi a utuchi zimachitanso bwino chifukwa moto wake ndi wofatsa. Mukufuna moto wa makala ofiira, wonga wokazingira chimanga kapena mtedza, osati malawi olilima.

Thirani ufa wosapyola masentimita 8 kapena 10 kuzama ndipo muyambe kutakasa ndi fosholo yaing'ono kapena mthiko waukulu, osaleka, kukokera za pansi pamwamba ndi za m'mbali pakati. Poyamba palibe chomwe chimachitika, ufa umangolemera pa mthiko mpaka mumayamba kuganiza kuti moto wachepa. Musawonjezere. Pakapita kanthawi muona chinthu chodabwitsa, ufa wouma uja ukuyamba kuwira ngati phala, timabowo tikuphulika pamwamba fu fu fu, mthiko ukuyenda mopepuka ngati mukutakasa madzi, ufa ukuchita kuyenderera wokha mukapendeketsa dilamu. Imeneyo ndi nthunzi ya madzi aja omangika akutuluka. Tengani galasi lozizira kapena chikwanje chozizira muyike pamwamba masekondi ochepa, muona chachita mame. Pitirizani kutakasa, moto ukhale womwewo. Kenako kuwira kuja kumayamba kuchepa, ufa umatsika n'kukhala pansi, umalemeranso pa mthiko, galasi likungochita mame pang'ono kwambiri. Phulani pompo. Musati tidikire kaye pang'ono kuti zipse bwino, si nyemba izi. Mukasiya pamoto ufa umadzayambanso kuwira kachiwiri pang'ono, ndipo kumeneko ndiye mwayamba kupyoletsa.

Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha kolozera patali kaja, ayese ufa weniweniwo atangotakasa, ukhale pakati pa 140 ndi 170°C, usafike 200. Amene alibe agwiritse sikelo ya kukhitchini ndipo njira imeneyi ndi imene inandiphunzitsa ine diso. Yezani kilo imodzi ndendende ya ufa wouma bwino, wotchani mu kapoto, yezaninso. Ukapsa bwino umatsala cha m'ma magalamu 850. Ukatsala 920 kapena 950 sunapse, bwezerani. Ukatsika kufika cha m'ma 800 mwachotsa madzi onse. Mwaona tsopano chifukwa chomwe ndinati ziume kaye, ngati munali chinyezi sikelo ionetsa 850 pamene mkati simunapse. Chitani zimenezi katatu kanayi ndi kapoto musanapite pa dilamu, muzolowere mmene ufa umaonekera pa mphindi yophula.

Nthawi yake sindingakupatseni ya wotchi chifukwa zimatengera moto, chitsulo ndi kuchuluka kwa ufa, koma dilamu ya theka konzekerani ola limodzi kapena awiri muli chiimire. Muzisinthana awiri.

Mukaphula khuthulirani mu chitsulo china chouma kapena pa lata loyera, vundikirani ndi lata lina uzizire pamthunzi. Musathire m'thumba la pulasitiki uli wotentha. Ukazizira sefaninso, ndipo musaugwiritse tsiku lomwelo. Ufa wongophula kumene umakhala waukali, gawo lina linapsa mopitirira pang'ono ndipo limamwa madzi mwaphuma, nde mukasakaniza umagwira musanafike n'komwe pa chikombole. Usiyeni masiku atatu mpaka sabata m'thumba lomanga mosathina m'chipinda chouma, umakoka kachinyezi pang'ono ka mumpweya n'kukhazikika. Pambuyo pake mangani zolimba m'thumba la pulasitiki mkati mwa saka, ikani pa thabwa osati pa simenti, lembani tsiku. Musasunge miyezi yambiri, ukayamba timibulu ndiye kuti wamwa chinyezi.

Musanaumbe chogulitsa yesani kaye. Dulani mabotolo a pulasitiki kapena khomani timatabwa tupange tizikombole tating'ono tofanana, tinene 4cm ndi 4cm ndi 16cm. Umbani kamodzi ndi pulasitala watsopano wa m'sitolo yekha, kena ndi wanu yekha, kena gawo limodzi wanu magawo atatu watsopano, kena theka ndi theka, madzi ofanana. Yang'anani wotchi. Muzidula phalalo ndi mpeni mphindi iliyonse, pomwe mzere wa mpeni wasiya kutsekeka ndi pomwe wayamba kugwira. Wabwino amakupatsani mphindi 8 mpaka 15 zogwirira ntchito ndipo pofika theka la ola walimba ndipo wafunda. Akagwira pa mphindi ziwiri zitatu ndiye kuti muli ufa wosapsa wambiri, chifukwa jipisamu wosawotcha amakhala ngati mbewu yofulumizitsa kugwira, ndi chifukwa chomwechonso bigiri yosatsuka imaumitsa pulasitala msanga. Akapanda kugwira ola lonse, munapsereza. Tisiyeni timipiringidzo timeneti tiume sabata, kenako sanjikani kalikonse pa njerwa ziwiri, pachikani ndowa pakati muzithira mchenga pang'onopang'ono mpaka kathyoke, yezani mchengawo. Manambala amenewo ndi anu, a ufa wanu ndi moto wanu, ndipo ndi amene akuuzeni muyezo woyenera kuposa wina aliyense.

Ndinene mosabisa, wowotcha pa dilamu safanana ndi wa kufakitale. Amafuna madzi ochulukirapo, amagwira msanga, ndipo mphamvu yake imatsikirapo. Ngakhale ku Ulaya komwe ali ndi makina, pulojekiti ya GtoG yomwe inayenda kuyambira 2013 mpaka 2015 inkalimbana ndi kufikitsa jipisamu wobwezeretsa pa magawo 30 pa 100 mu ma bodi atsopano, osati 100. Nde ine pa makonisi ndi maluwa a pakati pa siling'i, zinthu zopachika pamwamba pa mitu ya anthu, sindipyola gawo limodzi wanga pa magawo atatu watsopano. Pa zomatira ming'alu, kutseka mabowo a mapaipi a magetsi m'khoma la mkati, ma buloko ogawira chipinda ndi zokongoletsa zokhala pansi, theka ndi theka kapena wanga yekha amakwana. Thumba limodzi pa anayi alionse osagula, pa nyumba yonse ndi ndalama yooneka. Koma kasitomala muuzeni zoona kuti muli wobwezeretsa, musamugulitse ngati watsopano.

Kasakanizidwe ndi komwe mukudziwa kale koma ndibwereze chifukwa ufa uwu sukhululuka. Madzi oyera ayambe kulowa mu bigiri yotsuka, ufa pambuyo, kuwaza ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka tizilumba tiyambe kuonekera pamwamba pa madzi. Poyambira yesani mamililita 700 a madzi pa kilo ya ufa, wanu yekha mwina afuna 800. Siyani mphindi imodzi kapena ziwiri unyowe wokha, takasani mofatsa osamenya thovu. Ukayamba kulimba musathirenso madzi kuti mufewetse, mwaupha, sudzalimbanso bwino. Ngati ukukuthawani, finyirani mandimu m'madzi musanathire ufa, yambani ndi supuni ya tiyi imodzi pa lita, asidi wa mandimu amachedwetsa kugwira. Osapyola masupuni atatu, mukachulutsa pulasitala amatuluka wofooka wonyenyeka pamwamba. Ndipo dzanja musalisiye mu pulasitala akugwira, ana musawalole kuumba manja awo mu bigiri. Wochuluka amatentha kufika cha m'ma 60°C ali wolimba kale, ku England mu 2007 mtsikana wa sukulu anataya zala zambiri chifukwa cha zimenezi.

Nanga zogumula zina, maduka a njerwa, matailosi osweka, utuchi? Izi zimalowa ngati zodzazira kuti ufa upite patali, osati kuti ziwonjezere mphamvu, ndipo malo ake ndi mu ma buloko ndi mapanelo okhuthala, osati mu konisi yosalala. Njerwa zowotcha zakupsa bwino ndi zomwe ndimakonda, makamaka za nyumba zakale zomangira dothi chifukwa dothi limachoka mosavuta. Zomangira simenti gobolani matope onse kaye, simenti ndi jipisamu zikakumana pa chinyezi zimatupa. Sinjani njerwa mutaziwaza madzi chifukwa fumbi la njerwa ndi la matailosi ndi loipa kuposa la jipisamu, limakanda mapapo, kenako sefani pa waya wa udzudzu, tsukani, yanikani ziume. Yambani ndi gawo limodzi pa magawo khumi poyeza kulemera, sakanizani ndi ufa zili zouma musanawaze m'madzi, umbani kampiringidzo koyesera, ngati kakupirira kwerani kufika awiri pa khumi. Kupyola apo ine ndinaona m'mbali mukunyenyeka ponyamula. Mtundu umatuluka wofiirira pang'ono, pansi pa penti suoneka. Utuchi wosefa umapepukitsa buloko ndipo sikuluu imagwira bwino, koma umamwa madzi kwambiri ndipo umachedwetsa kugwira ndi kuuma, nde pang'ono pokha, manja awiri pa bigiri, ndipo buloko yake iume mokwanira apo ayi ichita nkhungu. Ufa wa matailosi ndi wolemera, umathamangira pansi pa chikombole, takasani mpaka phala litayamba kukhuthala ndiye muthire.

Poumba konisi kapena tailosi ya siling'i ya 60 ndi 60, pakani chikombole madzi a sopo wokhuthala kapena mafuta ophikira pang'ono kwambiri, thirani kagawo koyamba kopyapyala, ndipo kameneka kakhale ka pulasitala watsopano yekha kuti nkhope ituluke yosalala yoyera. Gwedezani chikombole thovu lituluke. Yalani khonje lopesa bwino louma, lifike m'makona monse, kenako thirani wosakaniza uja pamwamba n'kukanikiza khonje lilowe, palani ndi thabwa. Khonje lija munakoka mu makonisi akale likhoza kubwereranso ngati silinafumbwe. Dikirani mpaka kutentha kufike pachimake n'kuyamba kuzizira, mphindi 30 kapena 40, ndiye chotsani. Imikani chammbali pamthunzi podutsa mphepo, makonisi aatali muwapachike kapena muwagoneke pa thabwa lowongoka kuti asapindike. Musaumitse pafupi ndi moto kapena pa malata otentha a masana a Okutobala, kutentha kopyola cha m'ma 50°C kwa nthawi yaitali kumayambanso kuchotsa madzi aja ndipo pamwamba pamasanduka ufa. Chauma mukachigogoda chikulira ngati mbale ndipo sichizizira pa tsaya. Pokhoma gwiritsani masikuluu akuda a jipisamu kapena okutidwa zinki, osati misomali wamba.

Pali malo omwe jipisamu sayenera kufika ngakhale atakhala waulere. Amasungunuka m'madzi pang'onopang'ono, pafupifupi magalamu awiri pa lita, nde panja, kubafa pothira madzi, pa khoma lonyowa kuchokera pansi, ayi. Ma buloko a jipisamu ndi ogawira chipinda mkati basi, sanyamula denga, ndipo mzere woyamba ukhale pa kachitunda ka simenti kapena pa pepala lotchinga chinyezi kuti madzi okolopera asawafike. Ndipo cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri mpaka kundipweteka mtima: kutenga zidutswa za jipisamu n'kuthira mu fawundeshoni ngati zokwirira, kapena kusakaniza ndi kwale ndi maduka pothira konkire ya pansi. Ndinaitanidwapo pa nyumba ina yomwe khonde lake linatukumuka n'kung'ambika patangotha mvula ziwiri, titagumula tinapeza zoyera mbuu pansi pa silabu, omanga anakwirira zotsala za siling'i poganiza kuti akuyeretsa pamalo. Zoona ku fakitale amathira jipisamu mu simenti, koma pang'ono, magawo atatu mpaka asanu pa 100, woyezedwa, kuti simenti isagwire mwaphuma. Wowonjezera akakumana ndi simenti youma kale pali madzi amapanga timiyala totupa mkati ndipo konkire imasweka yokha. Mwini nyumba uja analipira kawiri.

Kumtaya nakonso si kwabwino monga timaganizira. Jipisamu akakwiririka pamodzi ndi zinyalala zowola, zakudya, masamba, mapepala, pamalo ponyowa popanda mpweya, tizilombo timamusandutsa mpweya uja wonunkha ngati dzira lowola, ndipo wochuluka ndi poizoni. Ku England kuyambira 2009 saloleza kutaya jipisamu pamodzi ndi zinyalala zowola. Kwathu kuno anthu amakhala ndi kutola zinthu pafupi ndi mitaya imeneyi, nde m'dzenje la zinyalala la pakhomo kapena m'chimbudzi musaponyemo. Madzi otsukira bigiri musathire mu sinki kapena mu ngalande, amatseka paipi, asiyeni adikhe mu ndowa, tsanulani oyera pamwamba, matope a pansi yanikani abwerere pa mulu wokawotcha.

Ufa wina umakanika ndithu, mwapsereza kapena pepala lachuluka. Wopsereza musataye, muthireni pang'ono ngati chodzazira mu ma buloko. Ndipo ngati muli ndi wosinja wosawotcha wochokera ku zodula zatsopano zoyera, zopanda penti, zosakhala zobiriwira kapena za pinki zija, alimi a mtedza amaudziwa ntchito yake. Jipisamu amapereka kashiamu ndi salufa, zakudya za mbewu m'nthaka, ndipo mtedza wa njere zikuluzikulu ngati CG7 ndi Chalimbana umafuna kashiamu m'dothi la pamwamba nthawi yomwe ukuchita maluwa ndi kulowetsa timizu tobereka pansi, ukasowa mumakolola makoko opanda kanthu mkati. Amawaza m'mbali mwa mzere maluwa akayamba, koma muyezo wa munda wanu mufunse alangizi a zaulimi a kwanuko, ndipo wa siling'i yakale yogumula asapite kumunda. Wowotcha bwino woyera wopanda njerwa amaumbanso choko cholembera pa bolodi, phala lake likhale lamadzi pang'ono kuposa la konisi kuti choko chituluke chofewa chosakanda bolodi, mumathira mu timapaipi ta pulasitiki tong'amba m'litali topaka sopo, mumamanga ndi mphira, pakatha theka la ola mumasula n'kuyanika masiku atatu anayi pamthunzi.